Chigamba pa Buluku la Ba Chalwe

Ndasoka zovala pa msika wa Kabwata kuyambira nthawi ya chipani chimodzi, ndipo ndikuuzeni mosabisa: anthu a mu Lusaka muno amakhulupirira mimba kuposa dokotala. Bambo anga anachokera ku Mangochi ndi makina osokera, ndipo atamwalira anandisiyira makinawo ndi dzina lakuti Said. Pa ntchito imeneyi ndayeza ziuno za amuna ambirimbiri, koma palibe chiuno chimene chinandipsetsa mtima ngati cha Ba Oswell Chalwe.

Ba Chalwe anachokera ku Luapula ali mnyamata, napeza ntchito yosunga katundu pa kampani ina ya boma ku Heavy Industrial Area. Pa kampanipo panali kantini, ndipo kantiniyo anaitumikira mokhulupirika kuposa kampani yeniyeniyo. Zipani zitachuluka, boma n'kuyamba kugulitsa makampani ake, yawoyo inagulidwa ndi anthu amene anangozula makina n'kukhoma geti. Ba Chalwe anabwerera ku Kabwata ndi zinthu ziwiri: suti yabuluu ndi mimba. Kunyumba ankawadikira akazi awo, Ba Muriel, ndi mwana wawo mmodzi yekha, mtsikana dzina lake Lombe.

Mimbayo ndiyo inawapezera ntchito yatsopano. Kwa Abemba, mnyamata akafuna mkazi sapita yekha kukayankhula ndi makolo a mtsikana. Amatuma munthu wamkulu amene amamutcha shibukombe, ife tingati nkhoswe, woti anyamule mbale zovundikira, agwade, awombe m'manja, ayankhule mozungulira mpaka mbalezo zilandiridwe. Kumudzi amasankha munthu wanzeru. Mu Lusaka wa masiku amenewo, pamene nyumba iliyonse inali ndi munthu wochotsedwa ntchito, ankasankha wamimba. Makolo a mtsikana akaona mimba ikulowa pakhomo mwiniwake akadali panja, ankakodolana n'kunena kuti banja ili limadya.

Nzeru Ba Chalwe analibe zochuluka, tisanamizane. Miyambi ankadziwa yowerengeka ndipo ankaibwereza pa ukwati uliwonse. Koma akagwada pamphasa n'kupuma mwaphokoso, munthu ankaona kuti pagwada munthu. Ankaitanidwa ku Chelstone, ku Kaunda Square, ngakhale kwa mabwana a ku Longacres. Wopikisana nawo anali mmodzi yekha, Ba Gilson Kabwe a ku Chelstone, amene mimba yawo inkacheperapo pang'ono, ndipo nkhani imeneyi inkawawawa Ba Gilson usana ndi usiku.

Loweruka lina ku Kaunda Square, Ba Chalwe anagwada ndi mbale zawo monga mwa nthawi zonse, koma sanadzuke. Dzanja lamanja linachita dzanzi, lilime linalemera, m'mutu munali ngati mukulira ng'oma. Eni nyumba, anthu opusa inu, anayamba kunong'onezana kuti sanaonepo shibukombe waulemu chotere, wogwada nthawi yaitali chonchi. Anazindikira kuti pali vuto mbale itagwa. Anawanyamula anthu anayi kuwalowetsa mu takisi.

Kuchipatala anapeza dokotala wamkazi wachitsikana amene analibe nthawi yoyankhula mozungulira. Anawauza kuti ndi bipi, kuti yakwera koopsa, ndipo kuti ulendo uno Mulungu wangowagwedeza. Anawapatsa mapilitsi, nawaletsa mchere, mowa ndi nyama yamafuta. Kenako analoza mimbayo n'kunena kuti ayambe kuyenda ndawala, mwendo ukazolowera azithamanga, chifukwa tsiku lina akadzagwanso sadzadzukanso ali munthu yemweyo. Ba Muriel analira njira yonse yobwerera.

Patapita masiku angapo anafika pa makina anga, nayang'ana uku ndi uku ngati munthu wogulitsa chamba.

"Ba Said, nifuna kabudula," anatero motsitsa mawu.

"Ka mwana?"

"Awe. Kanga. Koma osauza muntu."

Ndinawasokera kabudula wakuda, wamkulu ngati thumba la makala. Nsapato zothamangira anakagula pa salaula, zovala za kaunjika zija zimene zinadzaza m'tauni nthawi imeneyo n'kutisowetsa ife atelala pogwira. Vuto linali la kumene angathamangire. Mu Kabwata munthu wamkulu akathamanga ndiye kuti waba, ndipo anthu safunsa, amangokuwa kuti kawalala n'kutola miyala. Komanso shibukombe, munthu woyenda pang'onopang'ono ngati bishopu, aoneke ali m'kabudula mawondo pamtunda? Kwa Ba Chalwe bola imfa.

Ndiye tamvani nzeru imene anaganiza. M'mawa uliwonse ankavala suti yabuluu ija, kuika kabudula ndi nsapato m'chikwama cha mapepala, kukwera minibasi mpaka ku Woodlands. Kumeneko ankasintha zovala m'kanyumba ka mlonda wina wa kwawo ku Luapula, n'kuyamba kuthamanga m'misewu ya mitengo ikuluikulu yolowera ku Kabulonga, kumene azungu a mabungwe amathamanga ndi agalu awo popanda wowafunsa. Munthu kukwera galimoto kuti akathamange! Ndinaseka mpaka singano inandibaya. Koma ndikuvomereza, anapirira. Poyamba ankangofika pa geti lachiwiri n'kugwira khoma. Mvula itatha anali akuzungulira dera lonselo osaima.

Ndipo anachira, zimenezi ndinaziona ndi maso anga. Mutu unasiya kuwawa, mapazi anasiya kutupa, kupuma kwa ngati ng'ombe kuja kunatha. Ba Muriel anandiuza akuseka kuti nkonono zatha m'nyumba, tsopano akutha kumva tambala. Tsiku lina Ba Chalwe anabwera ndi suti ija kuti ndiichepetse, buluku atalimanga ndi lamba woboola mabowo atsopano ndi msomali.

Ife atelala tili ndi lamulo lathu. Ukamachepetsa buluku la mwamuna sudula nsalu, umangoipinda mkati, chifukwa mwamuna amabweranso. Ndinawauza zimenezo.

"Dulani," anatero. "Kuja sinizabwelelako."

Ndinawayang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawalemekeza. Ndinatenga sizasi n'kudula, nsalu yotsalayo inapita ndi zinyalala za pamsika.

Koma inu mukukumbukira zaka zimenezo. Malole a maliro ankatsatizana tsiku lililonse, ndipo Edzi inali italowa pafupifupi m'banja lililonse. Dzina lake palibe ankalitchula. Ankangoti matenda aja. Ndipo Kabwata yense anali atasanduka dokotala: kuyeza kwake kunali kuyang'ana kolala ya shati. Khosi likachepa m'kolala, mlandu watha.

Za kuonda kwa Ba Chalwe anayamba kuzinena ndi amayi ogulitsa tomato pafupi ndi ine.

"Mwabaona Ba Chalwe? Bayonda maningi."

"Na ine nabaona. Kuseni-seni bakwela basi ya ku Woodlands, babwela balema, thukuta mbwee. Muganiza kuli chani ku Woodlands?"

Basi, mkazi wa ku Woodlands anabadwa pomwepo pakati pa tomato ndi anyezi. Sabata isanathe anali ndi dzina, nyumba ya mpanda, ndi mwamuna amene anamwalira chaka chatha. Wometa tsitsi anayamba kupukuta makina ake ndi sipiriti Ba Chalwe akadali pomwepo. Ku tchalitchi anthu ankawapatsa moni wa nsonga za zala. Oitana shibukombe anasiya kufika, onse anakhamukira kwa Ba Gilson, amene anayamba kuyenda mimba patsogolo ngati wapambana chisankho. Ine ndinauza amayi a tomato aja kuti munthuyo akuthamanga, ndasoka kabudula ndine. Anandiyang'ana mwachisoni n'kunena kuti Ba Said ndi munthu wabwino, amabisira makasitomala ake.

Ba Chalwe zonsezi anazipirira, ndipo mwina akanapirirabe pakanapanda Lombe.

Lombe anali atakula, akutayipa makalata mu ofesi ina ku Longacres, mtsikana wofatsa amene sanavutitsepo munthu. Anapeza mnyamata, mphunzitsi wa ku Chelstone dzina lake Matthew. Banja la Matthew linatuma shibukombe, ndipo mwa anthu onse a pansi pano linatuma Ba Gilson. Anafika ndi mbale zawo, nagwada, nawomba m'manja, koma maso anali pakhosi pa mwini nyumba. Mbale zinalandiridwa bwinobwino. Kenako kunangoti zii.

Mwezi unatha, wina unatha. Ku Chelstone ankati akudikira amalume a ku Kitwe. Amalumewo sankafika. Uthenga weniweni unadzera pamsika monga umachitira uthenga uliwonse: mayi ake a Matthew anena kuti mwana wawo sangakwatire m'nyumba ya matenda, akuti ndani akudziwa amene wagwidwa ndi amene watsala. Matthew, mwamuna wandevu zake, wophunzitsa ana sayansi, anangoti tiyeni tidikire mayi mtima utsike. Lombe anasiya kudya. Ankadutsa pa makina anga maso ali ofiira, moni wake wosamveka.

Ba Muriel anawauza amuna awo kuti auze anthuwo zoona. Zinawatengera nthawi, chifukwa kwa iwo kuvomera kabudula kunali kowawa kuposa kunamiziridwa chigololo. Pomaliza anaitana Ba Gilson, nawakhazika pampando wabwino, nafotokoza zonse: kugwa kwa ku Kaunda Square, dokotala, minibasi, kanyumba ka mlonda. Anatulutsa ngakhale nsapato zija. Ba Muriel anandiuza kuti Ba Gilson anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Ba Chalwe, imwe? Kutamanga? Nindani amutamangisani?"

"Ni dokotala ananiuza. Ni bipi."

"Ee, ee, bonse bakamba so. Uyu ni bipi, uyu ni shuga, uyu bamulowa. Osadandaula, mudala, Mulungu ni mukulu."

Ku Chelstone anakanena kuti munthuyo wafika poipa, wayamba kupeka nthano. Ndipo ndani akanawatsutsa? Masiku amenewo wodwala aliyense anali ndi dzina lina la matenda ake. Chilungamo cha Ba Chalwe chinkamveka chimodzimodzi ndi bodza la wina aliyense.

Ba Muriel anabwera kwa ine ndi jekete la suti ija atalikulunga m'chitenje. Ankafuna ndisokere kapilo mkati, kutsogoloku, kuti apongozi akadzabwera adzaone kanthu. Ndinasoka, ndipo ndinasoka bwino. Madzulo ake jekete linabwerera. Ba Chalwe akuti analivala, nadziyang'ana pagalasi, n'kufunsa kuti nanga masaya muikamo pilo wanji.

Mawa lake sanakwere minibasi. Nsapato zinalowa pansi pa bedi. Wina ku bawa anawauza kuti mapilitsi a bipi amaondetsa, ndipo anawataya m'chimbudzi. Kenako anayamba kudya ngati munthu wolembedwa ganyu: mapazi a ng'ombe m'mawa, nyama yootcha ya pamsewu masana, mowa madzulo, majarini wopaka ngati akumata khoma. Ba Muriel ankaphika akulira. Lombe anawagwadira kuti asiye, bola ukwatiwo ulekeke. Anamuuza kuti nkhani za akuluakulu sizimukhudza.

Mimba imachoka ndi thukuta la chaka koma imabwera ndi miyezi yochepa. Tsiku lina ndinangoona buluku labuluu laikidwa pa makina anga.

"Mulikulise," anatero osandiyang'ana.

"Nsalu ija munaniuza kuti nidule, Ba Chalwe."

"Ikani chigamba."

Ndinawakalipira. Ndinawafunsa ngati aiwala zimene dokotala ananena, ngati akufuna kudzipha chifukwa cha pakamwa pa amayi a tomato ndi mayi wina wa ku Chelstone amene sanawagulirepo ngakhale panado. Anandisiya ndiyankhule mpaka ndithe. Ankapumanso mwaphokoso muja.

"Ba Said," anatero, "dokotala sazakwatila mwana wanga."

Ndinatenga tepi n'kuyamba kuyeza bulukulo.

"Ukwati ukasila chabe, nizayambanso. Nsapato zilipo," anawonjezera.

Nsalu yofanana ndinaisowa msika wonse. Ndinaika chigamba chabuluu woderapo, chosongoka pansi, kumbuyo kwenikweni kwa buluku. Ndinawauza kuti asamavule jekete pagulu.

Kabwata anasangalala ngati kwagwa mvula yoyamba. Amayi a tomato aja ankawaimitsa panjira n'kuyamikira kunenepa kwawo. "Mwachila, Ba Chalwe! Mwaina bwino!" Wometa anaiwala sipiriti wake. Anthu ena ankabwera mwakachetechete kudzafunsa dzina la sing'anga amene anawachiritsa, ndipo ena mwa iwo anali ndi odwala enieni kunyumba, zimene zinandimvetsa chisoni kwambiri. Munthu akuyenda kupita kumanda, mudzi wonse ukumuwombera m'manja. Ba Gilson anafika, nayang'ana kolala yothina, nakanena ku Chelstone kuti zija zinali malungo chabe. Amalume a ku Kitwe anapezeka sabata yomweyo.

Ukwati unachitika, ndipo unali wabwino, sindinganame. Lombe anawala. Ba Chalwe anayenda naye m'tchalitchi pang'onopang'ono, nkhope ili phuliphuli ndi thukuta, jekete lomangidwa batani limodzi. Mayi ake a Matthew anavina patsogolo pawo n'kuwatcha apongozi a ulemu. Ine ndinakhala kumbuyo, maso anga ali pa msoko wanga.

Mpaka apa ndikhoza kuwakhululukira. Bambo anagula ukwati wa mwana wake ndi thupi lake, ndipo alipo abambo ambiri amene sangapereke ngakhale ndudu. Chimene sindiwakhululukira ndi chotsatira. Ukwati unatha, nsapato zinakhalabe pansi pa bedi. Oitana shibukombe anali atayambiranso kugogoda, ndipo Ba Chalwe anamvanso kukoma kolowa pakhomo anthu n'kuimirira. Ndikawakumbutsa ankati mwezi wa mawa, kwazizira, pali maukwati ambiri nyengo ino. Ulemu ndi wokoma kuposa mowa, ndipo anali ataulawanso.

Anagwa ku Kabulonga, m'nyumba yaikulu ya m'misewu yomwe ija ankathamangamo. Anagwada pa kapeti ndi mbale zawo, nayamba mwambi wawo wakale, n'kugwa chafufumimba. Jekete linakwera kumsana. Amene analipo amati choyamba chimene aliyense anaona chinali chigamba changa.

Sanamwalire. Dokotala uja ananena zoona mpaka kumapeto: anadzuka, koma osati munthu yemweyo. Mbali yonse yamanja inafa, mawu anapita, pakamwa panapotoka mpaka lero. Amakhala pampando pakhonde la nyumba yawo kuyambira m'mawa, kuyang'ana msewu. Ba Muriel amawasambitsa, kuwadyetsa ndi supuni, ndi kuwapukuta dovu ndi kansalu kamene sikachoka paphewa pawo. Mimba ilipobe. Masiku ano Loweruka m'mawa anyamata ndi atsikana a mu Kabwata amathamanga m'magulu, atavala malaya owala, mabotolo a madzi kumanja, ndipo palibe amakuwa kuti kawalala. Amadutsa pakhonde pomwepo. Ba Chalwe amawatsatira ndi diso mpaka akhote.

Ine ndimawasokerabe mabuluku, a lasitiki m'chiuno, osavuta kuvula. Tsiku lina nditapititsa limodzi ndinapeza kuli mlendo, mayi ake a Matthew, atabwera ndi Lombe ndi kamdzukulu kudzazonda. Anakhala pampando wabwino, chikwama pamiyendo, akuwayang'ana Ba Chalwe kuyambira kumutu mpaka kumimba mokhutira.

"Tiyamike Mulungu, bana Lombe," anatero kwa Ba Muriel. "Aya ni matenda yabwino, ya bakulu-bakulu. Sitingachite nayo nsoni, palibe manyazi apa. Onani mwamene baonekela bwino. Paja penze paja benze bayonda, ine nenze na manta."

Lombe anaweramitsa mutu. Dovu linali likutsika pachibwano cha bambo ake, kulowa m'kolala. Ba Muriel anaimirira. Kenako anachotsa kansalu kaja paphewa, nakatambasula, nakaika pamwamba pa chikwama cha mlendoyo.

"Baoneka bwino, ai? Bapukuteni."

Mayiyo anakayang'ana kansaluko, manja ake osasuntha. Patapita kanthawi anafunsa ngati minibasi za ku Chelstone zikadaimabe pamalo akale.